Tepi ya Ba Dunstan

Mu babashopu ya Meshack ku Kabwata munali TV na deki ya vidiyo. Ndiye chaka cha 1997, makampani atagulitsidwa, amuna onse opulunidwa, ochotsedwa pa nchito, anali kuswela momwemo, ngakhale aja a dazi opanda chometa. Ba Dunstan mpando wao unali wa pafupi na chitseko. Kale anali kalaliki ku kampani ya mabasi, koma iwo sanali kukamba za mabasi. Anali kukamba za Njanji Boys, bendi imene anali kulizamo gitala ya besi, imene inaonekelapo pa TV Loweluka lina masana mu zaka za ma eyite.

Tsiku lina Meshack anaika tepi ya nyimbo za lumba, atsikana akuvina pafupi na galimoto yobweleka.

"Onani," anatelo Ba Dunstan. "Mwamuna uyo atsegula chabe kamwa monga nsomba. Ise tinali kuliza zenizeni, thukuta mpaka mu nsapato."

Ba Fabian, mlamu wao, anatsitsa nyuzipepala ya dzana. "Mulamu, nyimbo za pa TV zakale zinali chilango. Kamela imodzi, katani imodzi, amuna asanu aimilila monga ali pa polisi. Tinali kutamba chifukwa tchanelo inali imodzi."

"Munali kuvina imwe."

"Ninali kuyopa kugona. Ndipo magitala yanu yanalibe nthambo. Ninaona na maso yanga."

Babashopu yonse inaseka, mpaka wometedwa anagwedezeka, Meshack namudula mzele wokhota. Ba Dunstan sanaseke. Pa Njanji Boys anatsala okha. Kampamba woimba, Chibesa wa ng'oma, na ena awili aja, onse anapita motsatizana na matenda amene anthu sanali kutchula dzina. Chithunzi panalibe. Panali tepi imodzi imene bwana wina wa ku Kabulonga anawajambulila, ndipo Ba Dunstan anali asanaitambepo, pakuti deki sanagulepo.

"Mailo nibweletsa tepi," anatelo. "Muzaona nthambo, mulamu. Muzaiwelenga."

Kunyumba anaitulutsa mu sutukesi pansi pa bedi. Nyengo zamvula zonse zija zinali zitagwila nchito yake: kuseli kwa kawindo ka tepi kunali nkhungu yoyela ngati ufa. Koma anakumbuka kuti chithunzi chikayamba kuvina pa TV, Meshack amatsegula deki, napukuta mkati na sipiliti ya pepo ija yopaka anthu akametedwa, chithunzi n'kuyela. Sipiliti imapha zipele, imayeletsa deki. Nanga nkhungu ingaikanike?

Mamawa anakapempha kwa Meshack kabotolo ka sipiliti na thonje. Meshack anayesa afuna kupaka pa ndevu.

Anamasula tumasikulu tomanga tepi na mpeni, nakhala pa khonde, nayamba kukoka liboni ya mkati mwa tepi pang'onopang'ono, kupukuta, kukulunga na chala. Amai Regina, akazi ao, anaima na beseni ya zovala.

"Bashi Lukonde," anawaitana na dzina la mwana wao, "thonje ikuda bwanji choncho?"

"Ni dothi ichoka."

Inali kuchokadi, ya bulauni, thonje pa thonje. Poyamba paja, pamene anadziwa kuti pali Njanji Boys, anabwelezapo mwachikondi. Sipiliti inatha asanafike kumapeto.

Masana babashopu inadzala. Ena anachoka ku Chilenje wapansi atamva kuti kuli mlandu wa nthambo. Ba Dunstan anavala jekete la salaula, logula lovalidwa kale, nakhala kutsogolo. Meshack anakankha tepi.

Pa TV panagwa mvula ya timadontho toyela, na phokoso la mafuta mu pani.

"Iyamba choncho," anatelo Ba Dunstan.

Meshack anagogoda deki pamwamba, napititsa tepi kutsogolo. Madontho. Anapititsanso. Kenako ananunkhiza zala zake, nayang'ana Ba Dunstan.

"Ba mudala, sipiliti ija munapaka kuti?"

"Pa liboni. Monga muchitila iwe."

"Ine nipukuta deki, osati tepi. Cha bulauni chija cha pa liboni ndiye anthu."

Ba Dunstan anakumbuka mulu wa thonje umene Amai Regina anasesela mu mbaula.

Chakumapeto, pamene sipiliti sinafike, chithunzi chinatuluka chonjenjemela: bendi ina ya ku Kopabeliti imene inaimba pambuyo pao, amuna anayi a mabuluku otambalala kumapazi, katani kumbuyo. Magitala yao yanalibe nthambo. Aliyense anaona. Anthu anatembenukila Ba Fabian kuti amalize mlandu, koma iwo anali kupinda nyuzipepala yao mpaka inakhala kanthu kang'ono.

"Aba si ise," anatelo Ba Dunstan.

"Tidziwa, mulamu."

"Bweza kumbuyo, Meshack."

Meshack anabweza. Madontho anayambanso. Ba Dunstan anasendeza mpando, naloza pa galasi.

"Apa ni Chibesa, ayamba yekha. Ine nili uku kumanzele, shati ya maluwa. Manje Kampamba alowa, agwila maiki na manja awili."

Anayamba kuliza besi na pakamwa, dum, dum-dum, zala zikuyenda pa mabatani ya jekete. A ku Chilenje ananyamuka mwakachetechete. Mnyamata wina wa kabaza wa malasha anafunsa ngati angabwezele lumba, Meshack namuyankha na diso. Makina ometela anayambanso kulila.

Ba Dunstan anapitiliza mpaka pa kolasi ya nyimbo. Apo zala zinaima. Panali mau amene Kampamba anali kuponya pamenepo, mau amene anthu onse m'maholo anali kuyankha. Anabwelela kumbuyo pang'ono, nafikanso pomwepo, naimanso.

"Mulamu," anatelo osatembenuka, "imwe munatamba. Pamene apa anali kuti chani?"

Ba Fabian anatsegula kamwa, naganiza, napukusa mutu.

"Sininali kumvetsela, mulamu. Ninali kuyang'ana nthambo."