Palibe Munthu Panyumba

Ndinkasita malaya a kwaya pamene foni inalira. Anali mayi Stavrou, oyandikana nyumba ndi alamu anga a Lyle.

"Glenys, bwera msanga. Ndinapita kukawasiyira supu, ndawapeza ali pampando atavala jekete ndi chipewa ngati akudikira basi. M'nyumbamo mukuzizira kuposa panja. Hita ija yazimanso."

Ndinazimitsa simbi, n'kutenga makiyi a galimoto.

Unali mwezi wa Julaye, ndipo chisanu cha ku Ballarat chimalowa mpaka m'mafupa. A Lyle, azaka 79, anali atangotuluka kumene m'chipatala atadwala chibayo. Mkazi wawo Noeleen, mkulu wanga, tinamuika mu Meyi. Nesi woyendera odwala m'makomo ananena kuti abwera Lachisanu kudzaona ngati angathe kukhalabe okha. Akadzapeza m'nyumba mukuzizira, adzalemba kuti apite kunyumba yosamalirako okalamba. Tsikuli linali Lachinayi.

"Alamu, mwabwera kudzaona mtembo?" a Lyle anandilonjera chotero nditafika. "Mwafulumira, sunaume bwinobwino."

"Musamalankhule choncho. Supu mwamwa?"

"Ndikuothera manja. Kumwa ndimwa mawa."

Mayi Stavrou anali atawafunditsa bulangeti lawolawo m'miyendo. Analinso atabweretsa kahita kakang'ono ka magetsi, koma kankangotenthetsa akakolo basi.

Vuto linali pakhoma la m'khonde la m'kati: kachipangizo kozungulira ngati chivindikiro cha botolo la jamu, kamene kamalamula hita ya nyumba yonse. Anakaikitsa ndi Noeleen, yemwe ankakonda zinthu zatsopano. Anakalumikiza ndi foni yake, kuti iye akachoka hita izizima, akabwera iziyaka. Maliro atatha, mwana wawo Bronwyn anatenga foniyo n'kupita nayo ku Darwin, ndipo kumeneko anafufuta zonse zinali m'menemo. Kachipangizoko kanatsala kakudikira mwini wake. Ukakapotokola ndi dzanja, hita inkayaka kwa theka la ola, kenako n'kuzima, ndipo pagalasi pake pankatuluka mawu akuti: Palibe munthu panyumba.

"Kakunena zoona," anatero a Lyle. "Ine ndili ngati kabati chabe."

Sabata imeneyo ndinali nditaimbira kale kampani yopanga kachipangizoko katatu. Ulendo woyamba anati ndikazimitse n'kukayatsanso. Wachiwiri anati anditumizira kanema wofotokoza, ndipo kanemayo ankafuna foni yomwe ija. Wachitatu foni inaduka nditadikira mphindi makumi asanu.

Ndinakhala patebulo la kukhitchini n'kuimbanso. Kanyimbo kawo kodikiritsa anthu ndinali nditakaloweza. Mawu a makina ankabwereza kuti ndine wofunika kwambiri kwa iwo. Ndinanena Atate Wathu chamumtima kangapo, kenako ndinangokhala, maso ali pa makapu awiri amene a Lyle amatulutsabe m'mawa uliwonse.

Amene anayankha anali mayi wa mawu otopa, dzina lake Marisol. Ndinafotokoza zonse kuyambira pachiyambi.

"Pepani kwambiri ndi malirowo, mayi," anatero. "Koma zimenezi angasinthe ndi mwini wake yekha amene analembetsa."

"Mwini wakeyo ali kumanda, mwanawe."

"Ndamva, mayi. Mutitumizire chikalata cha imfa. Zimatenga masiku khumi ogwira ntchito."

"Nesi akubwera mawa."

Sanadule foni. Ndinkamva kupuma kwake, ndi phokoso la anzake ambirimbiri akupepesa anthu ena.

"Bambowo muwaveke masokosi awiriawiri," anatero motsitsa mawu. "Ndikanatha ndikanakuchitirani. Zoonadi."

Ndinamuthokoza, ndipo ndinathokoza ndi mtima wonse.

"Akuti bwanji azibwana?" a Lyle anafunsa ali pabalaza.

"Akuti masiku khumi."

"Aa, ndiye bwino. Kunyumba ya okalamba akuti kumatentha ngati mu uvuni, ndipo Lachitatu amasewera bingo. Mwina ndikapezako mkazi."

Anaseka, kusekako n'kusanduka chifuwa. Ndinawapatsa madzi. Chifuwa chitatsika anayang'ana pawindo, kumene kuli mtengo wa mandimu umene anaubzala chaka chimene analowa m'nyumbayi.

"Sindikufuna kupita, alamu," anatero. "Ndikachoka muno ndiye basi."

Ndinapotokola kachipangizo kaja kuti apeze theka la ola lina, ndinabwerera kukhitchini n'kutseka chitseko. Ine si munthu wabodza. Ndaphunzitsa Sande sukulu zaka makumi atatu. Ndinayang'ana foni nthawi yaitali, ndipo sindinapemphere, chifukwa yankho lake ndinkalidziwa.

Nditadikiranso mphindi makumi anayi anayankha bambo wina, Devraj.

"Ndikulankhula ndi ndani?"

"Noeleen Pascoe."

"Pepani mayi, simukumveka bwino."

"Noeleen!" ndinakweza mawu. "Ndine Noeleen Pascoe. Ndili kunyumba, koma chinthu chanuchi chikuti palibe munthu."

Anafunsa tsiku lobadwa. Ndinanena. Anafunsa msewu umene ndinakulira, ndi dzina la galu wanga woyamba. Msewuwo unali wathu tonse, ndipo galu Tuppence ankagona kumiyendo kwa bedi limene tinkagonapo awiri. Palibe funso limene linandivuta, ndipo zimenezo n'zimene zinandiwawa.

"Ndachotsa zoti hita izitsatira foni zija, mayi Pascoe. Tsopano izingomvera dzanja lanu. Pali china chimene ndingakuthandizeni?"

"Palibe."

"Tasangalala kuti mudakali nafe."

Pansi pa nyumba hita inaguguda, mpweya wofunda n'kuyamba kutuluka m'kabowo ka pafupi ndi mapazi anga. Ndinaika foni patebulo. Nditatembenuka ndinaona chitseko chili chotsegula.

A Lyle anali chiimire pakhomo. Ndodo yawo anaisiya pabalaza, ndipo anali atafika pamenepo pogwirira khoma. Bulangeti linali litagwera m'khonde. Chipewa anali atavula, atachigwira ndi manja awiri pachifuwa. Maso awo sanali pa ine. Anayang'ana kuseri kwanga, kusinki, kenako kuchitseko chakumbuyo.

"Ndinamva mawu ake," anatero. "Akuti ali kunyumba."

"Ndinali ine, alamu."

"Ndikudziwa. Mutu wanga ulipo, mukamuuze nesiyo." Anayang'ananso kuchitseko chakumbuyo. "Koma mukakweza mawu, inu awiri... Ndinangoti ndidzaone."

Ndinawakokera mpando, anakhala pang'onopang'ono. Ndinafuna kuwauza kuti hita yakonzeka, kuti mawa nesi adzapeza m'nyumba mukufunda, kuti sapita kulikonse. Zonsezo zinali zoona. Koma munthu anali atadzuka wopanda ndodo kukalandira mkazi wake, ndipo amene ndinamudzutsa ndinali ine.

Ndinagwada pambali pa mpandowo, ngakhale kuti mawondo anga nawonso ndi okalamba, n'kugwira dzanja lawo lozizira.

"Alamu, ndatenga dzina la akufa n'kunamira. Ndakuimitsani pakhomo pachabe. Mulungu wamva, Noeleen wamva, inunso mwamva. Ndikhululukireni."