Madzi a m'Chifuwa cha Wiza

Dokotala atangonena kuti kumanzere kwa chifuwa cha Wiza kwadzaza madzi, mayi ake sanadikire kuti amalize.

"Ndinkanena ine! Ndi timadzi tam'majumbo tija umamwa kumsika ukapita kwa telala wako uja. Timadzi timeneto tatsikira kolakwika!"

Wiza anangotsinzina. Mayi wasukulu yake, mlembi wa ku Capital Hill, koma kumaganiza kuti munthu ndi ndowa! Telalayo anali Abdulmajid, bwenzi la Wiza, wosoka pakhonde la sitolo ku Old Town. Kuyambira tsikulo geti la kwawo kwa Wiza ku Area 11 linamutsekekera telalayo, foni ya Wiza n'kulowa m'chikwama cha amayi.

Makhololo atayezedwa, TB sinapezeke. Amayi anayenda monyang'wa ngati apambana chisankho.

"TB? Kwathu? Amenewo ndi matenda a anthu ogona khumi m'chipinda chimodzi."

"Makhololo nthawi zina amabisa, mayi," anatero dokotala. "Madziwa sali m'kati mwa mapapo, azungulira kunja kwake. Tiyeze madziwo."

Anamukhazika Wiza chowerama atakumbatira pilo, n'kulowetsa singano pakati pa nthiti, chakumsana. Zotuluka zinali zachikasu ngati tiyi wa masamba ochepa. Wiza analuma mlomo, akuganiza za zala za Abdulmajid, zoboola nsalu mwaulemu ngati zikuipepesa.

Patapita masiku atatu zotsatira zinabwera. Inali TB.

"Ndiye kuti ndi mnyamata uja!" Amayi anasintha nyimbo osapuma n'komwe. "Fumbi lakumsika lija, tsiku lonse..."

"Ameneyo anabwera dzana, osaitanidwa," anatero dokotala. "Tamuyeza, tamujambula, alibe kanthu. Wapempha yekha kuti ndikuuzeni. Kwatsala akunyumba. Alipo amene akutsokomola?"

"Kwathu? Palibe."

"Adadi," anatero Wiza. "Chiyambire Isitala. Lamba anabooletsa kawiri chifukwa choonda."

"Iwe, chimenecho n'chimfine cha mphepo yamuofesi! Bambo ako ndi bwana, ofesi yawo ndi yoyandikana ndi ya nduna."

"Abwere mawa m'mawa," anatero dokotala. "Inunso, mayi, tengani kabotolo aka, mukalavuliremo."

Amayi anakagwira ndi zala ziwiri ngati apatsidwa chule. Anatsegula chikwama kuti akabise msanga, ndipo Wiza anatambasula dzanja.

"Poti mwatsegula kale, mundipatseko foni yanga. Ndimuuze Abdul asayerekeze kufika ku Area 11, angatengeko matenda. Mankhwala akayamba kugwira, ndikamupeza ndekha pakhonde paja."