Mafuta a Nsatsi ndi Mutu wa Kambalame

Atelala, mayi wosoka zovala, anali pakhomo la khitchini, akutapa ndi supuni mafuta a nsatsi amene anayandama pamwamba pa mphika, pamene anamva geti likutseguka. Inali nthawi yoti ana onse ali m'kalasi. Atadzutsa mutu anaona aphunzitsi akulowa atagwira dzanja la Kambalame. Mwanayo anali atamanga mpango wobiriwira umene sunali wa m'nyumba muno.

"Musadzidzimuke mayi, sanalakwe kanthu," anatero aphunzitsi atalandiridwa. "Tsitsi lamasuka akusewera, ndiye anzake aona chimene chili pansi pake n'kuyamba kumuseka. Ndamumanga mpango wangawu kuti tiyende bwino mumsewu. Mutu umenewu ukufunika kuchipatala lero lomwe."

Anasisita mwanayo paphewa n'kubwerera kwa ana amene anawasiya. Za mpango sananenenso.

Kambalame anali mwana wa malemu mkulu wawo wa Atelala. Anabwera m'nyumbamu ali ndi zaka zitatu, ndipo dzinalo anamupatsa chifukwa ankadzuka akuimba anthu onse ali m'tulo. Tsopano anali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Mayi ake anasiya zinthu zochepa: makina osokera, Baibulo lothothoka chikuto, ndi luso lopanga mafuta a nsatsi. Atelala anaphunzira kwa iwo kukazinga nsatsi osazipsereza, kuzisinja, kuziwiritsa pamoto wochepa, n'kudikira mafuta akwere okha. Loweruka lililonse ankamukhazika mwanayo pakati pa miyendo yawo, kumudzoza ndi kumuluka. Anthu akayamikira tsitsilo, Atelala sankayankha zambiri. Mumtima ankangoti, "Ambuye, achemwali aone kuti mwana wawo sakuvutika."

Ndiye pamene anapeza kamalo kozungulira koyererako pamwamba pa khutu, tsitsi litaduka ngati ladyedwa ndi mbewa, anati khungu lauma. Anawonjezera mafuta. Kamaloko katakula anawonjezeranso, m'mawa ndi madzulo, n'kumaluka tsitsi la m'mbali modutsa pamwamba pake kuti anthu asaone. Ankaopa mawu amodzi okha, akuti mwana wamasiye sakusamalidwa.

Tsopano anamasula mpango uja pang'onopang'ono. Malowo anali atatupa, akutuluka mafinya, ndipo tsitsi linkatsalira m'zala.

"Ii, chipere chimenecho!" Anali Amake Mapasa, oyandikana nawo nyumba, atasuzumira pampanda ndi zovala zonyowa paphewa. "Asisi, musataye nthawi pamzere wa kuchipatala. Thirani palafini pang'ono m'mafuta anuwo, mupake kwambiri. Chikapsa ndiye kuti chafa. Anga aja ndinawachita chomwecho."

"Anachira?" anafunsa Atelala.

"Analira masiku awiri, koma si ali moyo? Mmodzi ali ndi kadazi, koma dazi n'la kumtundu kwa bambo ake."

Amuna a Atelala, amene anali kalipentala, anamva zonsezi ali pashedi yawo kuseri kwa nyumba. Anatulukira akukutumula utuchi m'malaya.

"Amake Mapasa, palafini ndi wa nyale. Mwanayu mwamuona ali ndi chingwe pamutu?"

"Inu Akalipentala, matabwa okhaokha! Za ana mukuzidziwira kuti?"

"Sindizidziwa, n'chifukwa chake tikupita kwa ozidziwa." Anatembenukira kwa akazi awo, mawu atatsika. "Mayi, kasambeni m'manja muzipita. Mphikawu ndiphula ine."

Atelala sanatsutse. Koma akumanga chitenje mtima unkawawawa, ngati kupita kuchipatala kunali kukanenera mafuta a achemwali awo kuti ndi achabechabe. Anatenga kabotolo kamodzi n'kuika m'chikwama, osadziwa ngati akukatengera umboni kapena mlandu.

Kuchipatala anadikira mpaka dzuwa litapendeka. Mayi wina amene anali patsogolo pawo pabenchi anaona mwanayo akusinza, n'kusendera kuti agone bwino. Namwino amene anawalandira anali mayi wamkulu, wa magalasi omangidwa ndi ulusi mbali imodzi. Anavala magolovesi n'kupatula tsitsi mofatsa.

"Chayamba liti?"

"Masabata awiri apitawa," anatero Atelala.

Namwino anayang'ana mwanayo. "Iwe mwini mutu, ukuti bwanji?"

"Chinayamba kuyabwa tisanatsekere sukulu," anayankha Kambalame motsitsa mawu.

Imeneyo inali miyezi iwiri.

"Sunawauze amayi?" anafunsa namwino.

"Ndinawauza kawiri. Anati ndipirire, mafuta akugwira ntchito. Ndiye ndinaleka kunena. Pilo akada ndinkangomutembenuza."

Atelala anatulutsa kabotolo kaja n'kukaika patebulo. "Ndi awa amene ndamupweteka nawo. Ndikataye onse?"

Namwino anatsegula, ananunkhiza, n'kumwetulira. "Mwapanga nokha? Ndi abwino, oyera, osapserera. Inenso ndimadzola omwewa, taonani imvi zangazi mmene zikuwalira. Mafutawa sanabweretse matendawa, mayi. Koma sangawachotsenso. Ichi ndi chipere cha m'mutu. Chimayamba ndi tizilombo tosaoneka ndi maso, timene timalowa mpaka m'mizu ya tsitsi. Zopaka pamwamba sizifika kumeneko. Ndiye inu mumati mukadzoza n'kuluka pamwamba, malowo amakhala onyowa ndi ofunda, osaonedwa ndi munthu, matenda n'kumapitirira."

"Anzanga amati ndithire palafini."

"Mukanatero bwenzi tikuchiza zinthu ziwiri, chipere ndi bala la kupsa. Mwachita bwino kusawamvera." Namwino anayamba kulemba. "Amwa mapiritsi tsiku lililonse kwa masabata asanu ndi limodzi, mwina kupitirira. Musasiyire panjira ngakhale pataoneka pouma. Muzimusambitsa m'mutu ndi sopo wamankhwala amene ndikulembereniyu. Chipeso, thaulo, mpango ndi nsalu ya pilo zikhale zakezake, ndipo muzichape ndi madzi otentha. Inu ndi bambo mudziyang'anenso. Mpango wa aphunzitsiwo muuwiritse musanabweze. Kusukulu abwerere akangoyamba mankhwala. Mafuta ayambe apuma mpaka ine nditanena."

Funso limene Atelala anali nalo kuyambira m'mawa linatuluka lokha. "Tsitsi limeranso?"

Namwino anayang'ananso potupa paja. "M'mbalimu limera. Pakati pamene patupa kwambiripa sindingalonjeze. Chipere chikafika potulutsa mafinya chimatha kusiya chipsera, ndipo pachipsera tsitsi silimera. Tiyeni tichite mbali yathu."

Mbali yawo anaichitadi. Atelala anasoka nsalu za pilo zinayi kuti azisintha tsiku ndi tsiku. Akalipentala anakhoma kashelefu pamwamba pa bedi la mwanayo, poika chipeso chake ndi mapiritsi, ndipo m'mawa uliwonse ankajambula kamzere ndi pensulo yawo ya matabwa mwana akameza. Amake Mapasa anakhala masiku atatu osasuzumira pampanda. Tsiku lachinayi anabwera ndi kachipewa koluka ndi ubweya, n'kunena kuti kanawachepera amapasa, ngakhale aliyense ankaona kuti n'katsopano.

Chimodzi chokha Atelala chinawakanika. Mawu aja akuti "ndinawauza kawiri" ankawabwerera akamapalasa makina, akamatsuka mbale, akagwada kupemphera. Kwa Mulungu anapepesa kangapo. Koma akayang'ana mwanayo, kupepesa kunkawakanika, n'kungomuwonjezera shuga mu tiyi.

Masabata asanu ndi atatu atatha, namwino anayang'ana mutu uja pawindo, pamene pali kuwala, n'kugwedeza mutu mokhutira.

"Chatha. Tsopano mafuta anu abwerere, koma timvane. Poyamba pakani kadontho mkati mwa mkono, mudikire tsiku limodzi. Pakapanda kuyabwa kapena kufiira, pitirizani. Muzidzoza mutu wosamba, wouma bwino, madontho ochepa basi, kamodzi kapena kawiri pa sabata. Mutu si chiwaya. Thirani m'dzanja, musamaviike zala m'botolo. Botolo likhale louma, lotseka, kutali ndi dzuwa, ndipo fungo likasintha tayani. Nsatsi zenizenizo ndi zotsalira mumphika muzibise, mwana kapena chiweto akadya ndi poizoni. Ntchito ya mafutawa ndi kufewetsa tsitsi kuti lisamaduke ndi kuthandiza khungu louma. Koma mukaona chilonda, kutupa, tsitsi likuthothoka malo amodzi, kapena mwana akukanda osaleka, botolo litsekedwe, inu mubwere kuno."

Loweruka lotsatira Atelala anayala mphasa pakhonde. Kambalame anakhala pakati pa miyendo yawo, atagwira kagalasi kam'manja. Akalipentala ankapala thabwa chapafupi, ndipo kuseri kwa mpanda kunkamveka Amake Mapasa akuchapa. Atelala anathira madontho atatu m'dzanja, anawapukusa kuti afunde, n'kuyamba kusisita kuchokera kunkhongo. Pamwamba pa khutu tsitsi latsopano linali litamera, lofewa ngati la khanda. Koma pakati penipeni panatsala malo osalala, aakulu ngati batani la shati.

Mwanayo anapendeketsa galasi uku ndi uku, osatha kuonapo.

"Amayi, paja pamera ponse?"

Atelala akanatha kuyankha kuti inde. Tsitsi la m'mbali likanaphimba, ndipo mwanayo akanatha zaka osadziwa. Anagwira chala chake n'kuchiika pamalopo.

"Apa sipanamere, mwanangu. Anamwino akuti mwina sipadzameranso."

Kambalame anasisita malowo kwa kanthawi. "Ndi pang'ono," anatero. "Musadandaule."

Kupala thabwa kuja kunaleka. Kuseri kwa mpanda madzi analeka kukhavuka. Atelala anadziwa kuti onse akumva, koma sanatsitse mawu. Anamutembenuza mwanayo kuti ayang'anane maso ndi maso, n'kugwira manja ake onse awiri m'manja mwawo mwa mafuta.

"Ayi, si pang'ono. Unandiuza kawiri kuti ukumva kuwawa, ine ndinakuuza kuti upirire. Ndinaopa pakamwa pa anthu kuposa kumvera iwe, ndipo chipsera ichi chabwera chifukwa cha ine. Kuyambira lero chikakuwawa chilichonse, unene, ubwereze, ufuule mpaka ndimve. Ndinakulakwira, mwana wa achemwali anga, mwana wanga. Undikhululukire."