Kope la Pansi pa Bini

Zaka khumi ndi ziwiri ndakhala ndikukolopa pa yunivesite, ndipo ndinene mosabisa, palibe pulofesa amene amawadziwa ana a pamenepo kuposa ine. Iwo amaona zimene ana alemba pa mayeso. Ine ndimaona zimene ataya. Ndimafika m'mawa makalasi asanayambe, ndi ndowa, chokolopera ndi thumba lakuda, ndipo bini iliyonse imandiuza za eni ake.

Kumene amaphunzira zauphunzitsi mumapezeka makoko a nthochi, mapepala a maswiti, mwina kakalata ka chibwenzi kolembedwa theka. Amenewo ndi ana ogona tulo. Koma kwerani pansanjika yachitatu, kwa ophunzira zauinjiniya. Mapensulo othyoka pakati, mapepala ofinyidwa, timapaketi ta mankhwala a mutu. Atsikana kumeneko ndi owerengeka pa zala, koma chimbudzi chawo chimamaliza tishu msanga kuposa china chilichonse pa yunivesite yonse. Si matenda a m'mimba ayi. Ndi misozi.

Ndinaphunziranso kuti katayidwe kamasiyana. Mwana wong'amba pepala n'kuliponya ndi ukali, ameneyo musamudandaule, mawa mumupeza pa mpando womwewo akulimbana ndi samu yomweyo. Woopsa ndi wotaya mwaulemu. Amatenga makope ake abwinobwino, kuwasanja pansi penipeni pa bini, n'kuvundikira ndi pepala kuti asaoneke. Ameneyo simumuonanso. Ndakumana nazo kasanu ndi kawiri, ndipo kanayi anali atsikana. Ndimawerenga, chifukwa nanenso ndili ndi wanga wamkazi.

Wangayo timamutchula Sipanala. Dzinalo anamupatsa ndi bambo ake, amene ndi ometa tsitsi. Ali ndi zaka zisanu ndi zinayi anamasula makina awo ometera, zitsulo zonse mbwee pa tebulo, makasitomala atatu akudikira pa benchi. Bambo ake asanapeze n'komwe mawu okalipira, iye anali atabwezeretsa zonse. Kanatsala kasikuluwu kamodzi, koma makinawo anasiya phokoso limene anali nalo chigulireni. Mpaka lero kasikuluwuko kali m'kabotolo pa shelefu, bambo ake amakaonetsa kwa aliyense wokhala pa mpando wometera, afune asafune.

Chaka chino ndi chake chomaliza ku sekondale. Musandiyese mayi wosasamala. Misonkhano ya makolo sindinajombepo, ndondomeko yake yowerengera ndinaimata ndekha pa khoma la kukhitchini, ndipo ya mlongo wake wamng'ono ili pambali pake. Lachiwiri ndi Lachinayi lililonse amatsalira ku kalabu ya sayansi, n'kubwera madzulo manja ali bii ndi girisi, yunifolomu ine n'kuchapa osadandaula kwambiri. Iye ndi anzake anapanga mpope wokweza madzi m'thanki pogwiritsa ntchito zitsulo za njinga yakutha. Ngakhale ndowa imene ndimakoka kuntchito ili ndi mateyala amene anandiikira iye. Zonsezo zinayambira m'kope lake lachikuto chabuluu, lomata ndi tepi kumsana, limene wayenda nalo zaka zitatu. Kopelo ankaliteteza kuposa mmene amatetezera mutu wake mvula ikamagwa.

Ine ndinkaziona ngati masewera abwino, oposa kuyendayenda m'misewu. Sindinaganize kuti masewera adzafika pa fomu.

Fomuyo inabwera Lolemba. Inali yosankhira maphunziro a ku yunivesite, yofunika siginecha ya kholo, ndipo sukulu inkatumiza mafomu onse Lachisanu masana. Bambo ake anangoiyang'ana n'kuikankhira kwa ine.

"Sainani ndinu, mayi a Sipanala. Pakhomo pano amene amapita ku yunivesite tsiku lililonse ndinu."

Tinaseka. Kenako ndinawerenga zimene mwana analemba ndi pensulo pa mzere woyamba, ndipo kuseka kunathera pomwepo. Uinjiniya.

"Ichi ayi," ndinatero. "Fufuta."

"Chifukwa chiyani, amayi? Samu ndi sayansi ndimakhoza. Aphunzitsi anena kuti mwayi ndili nawo."

"Aphunzitsi akowo anafikako pansanjika yachitatu? Ine ndimakhala komweko. Lemba uphunzitsi. Anzako kumeneko amanenepa."

"Ndiye ndipite ku yunivesite kukanenepa?"

"Usandiyankhe choncho iwe."

Ndinamufotokozera zonse, za mapensulo, za mankhwala a mutu, za tishu. Ndinamuuza za mtsikana wina amene ndinamupeza atakhala pansi m'chimbudzi, msana atatsamira khoma, pa simenti yonyowa imene ndinali nditangokolopa, akulira mopanda mawu. Ndinamudzutsa, kumupukuta siketi. Patatha sabata ndinapeza makope ake asanu atasanjidwa pansi pa bini. Anali mwana wa munthu ameneyo, ndipo kwinakwake kunali mayi amene anasaina fomu yake akumwetulira.

Sipanala anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anati, motsitsa mawu, "Koma amayi, inu mumangoona zotayidwa. Zimene zatheka satayatu, amapita nazo kwawo."

Mawuwo anandilasa, ndipo munthu akalasidwa saganiza bwino. Ine ndinamva ngati mwana wanga akundiuza kuti nzeru zanga n'za m'bini.

"Eya, ndine wa zinyalala," ndinatero. "Zinyalala zomwezo n'zimene zakufikitsa pamene ulipa. Fomu imeneyi sindisaina, ndipo bambo akonso sasaina."

Bambo ake anatsegula pakamwa, anandiyang'ana, n'kutsekanso. Ndi munthu amene wakhala zaka zambiri atagwira lumo pafupi ndi makutu a anthu, amadziwa nthawi yosagwedezeka.

Ndinkayembekezera nkhondo. Mwana ameneyu akakwiya zitseko zimadziwa. Koma Lachiwiri anafika pakhomo dzuwa likadali pamwamba, manja oyera.

"Kalabu bwanji lero?"

"Ndasiya. Ndiziwerenga basi."

Lachitatu anandibweretsera fomu ija atafufuta bwinobwino, osasiya ndi kachizindikiro komwe. Pa mzere woyamba analemba ndi cholembera: uphunzitsi. Ndinasaina mtima uli m'malo. Anati zikomo amayi, anatsuka mbale, anathandiza mlongo wake homuweki. Ndinadziuza kuti mwana wanga wakula, wayamba kumva.

Lachinayi madzulo bambo ake anabwera ndi makina ometera m'thumba. Anati ayambanso kulira ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo, ndipo anawaika pa tebulo pamaso pa Sipanala monga amachitira nthawi zonse. Iye anawayang'ana, manja ali pamiyendo.

"Mupite nawo kwa okonza, bambo. Ine ndingawaononge."

Mwana atalowa kuchipinda, bambo ake anatembenukira kwa ine.

"Nyumba yazizira bwanji, mayi a Sipanala?"

"Yazizira chiyani? Mwana akuwerenga. Si zimene timafuna?"

"Kaya," anatero, n'kubwezera makina aja m'thumba.

Galimoto ya zinyalala imadutsa mumsewu wathu Lachisanu m'mawa. Ana atanyamuka kupita kusukulu, ndinatenga bini ya kukhitchini kuti ndikhuthulire m'thumba. Inalemera kuposa masiku onse. Dzanja la wokolopa silinama, limadziwa kulemera kwa masamba a tiyi ndi makoko a mazira. Ndinaipendeketsa pang'onopang'ono. Pansi penipeni panali nyuzi yopindidwa bwino, yoyalidwa ngati nsalu ya pa tebulo. Ndinaichotsa.

Kope labuluu lija linali pamenepo. Silinang'ambidwe tsamba ndi limodzi lomwe. Rula yake inali m'kati, pensulo atailowetsa kumsana kumene imakhala, ndipo analikulunga m'pulasitiki kuti lisanyowe. Tangoganizani, munthu akutaya chinthu koma akuopa kuti chinyowa.

Ndinakhala pansi pakhitchini pomwepo, bini ili pakati pa miyendo. Ndinachita mantha amene sindinawamvepo, ndi manyazi pamwamba pake. Zaka zonsezi ndinkaopa kuti tsiku lina ndidzapeza makope a mwana wanga atasanjidwa pansi pa bini ya pansanjika yachitatu. Ndinali wokonzeka kudana ndi samu, ndi mapulofesa, ndi nyumba yonse ija. Koma wotaya mwaulemu wachisanu ndi chitatu ndinamupeza m'khitchini mwanga, asanapondeko n'komwe ku yunivesite, ndipo amene anamufikitsa pamenepo ndinali ine.

Galimoto ya zinyalala inaliza hutala panja. Ndinaisiya ipite.

Ndinaimbira kapitawo wathu kuti ndichedwa, koyamba pa zaka khumi ndi ziwiri. Anafunsa ngati kwagwa zovuta. Ndinati zatsala pang'ono. Ndinakwera basi yopita kusukulu kwake ndili ndi yunifolomu yakuntchito, kope lili pachifuwa.

Aphunzitsi a sayansi, amene amasonkhanitsanso mafomu, ndinawapeza mu ofesi yawo yopapatiza akuika mafomuwo mu envulopu yaikulu. Ndi bambo wamtali wa choko m'zikhadabo. Atandiona, n'kuona kope, anavula magalasi.

"Ndinadabwa nditaona fomu yake, mayi. Ndinamufunsa kawiri. Anati wasankha yekha."

"Ananama pofuna kunditeteza. Fomu ina yosalembapo ilipo?"

Anatsegula diloo. Kenako anatuma uthenga ku kalasi.

Sipanala analowa nkhope ili gwa, akuganiza kuti kunyumba kwachitika kanthu. Ataona kope pa tebulo anaima pakhomo pomwepo.

"Munalitenga kuti?"

"Kumene unaliika. Waiwala ntchito ya mayi ako?"

Sanaseke. "Amayi, zinatha kale izi. Munasaina. Sindikufuna muzikhala ndi nkhawa chifukwa cha ine."

"Nkhawa ndi yanga, ndinaiyamba usanabadwe, ndipo sidzatha ngakhale utakaphunzira zoweta nkhuku. Khala pansi."

Anakhala. Ndinali nditakonza mawu ambiri m'basi, koma onse anabalalika.

"Zimene ndinakuuza Lolemba n'zoona," ndinatero. "Kumene ukufunako ana amalira. Nawenso ukalira, usadzinamize. Mwina sakakutenga n'komwe, amafuna ochepa. Koma iwenso unanena zoona, ndipo n'chifukwa chake ndinapsa mtima. Ine ndimachoka kumeneko anthu asanayambe kuseka. Amene zawayendera sandisiyira kanthu m'bini, ndiye sindinawawerengepo."

Maso ake anali pa kope.

"Ngati akakutenga pa yunivesite yathuyi, ine ndimakhala pansanjika yachitatu m'mawa uliwonse, ndipo kiyi wa kabati ya tishu ndimasunga ndine. Ukalephera mayeso, ung'ambe pepala, uponye, utukwane ngati ukufuna, ine ndidzatola. Koma usadzandisanjirenso zinthu mwaulemu chonchi. Wamva?"

Anagwedeza mutu movomera, misozi ili mbwembwembwe. Aphunzitsi anayang'ana pawindo ngati kunja kukuchitika zodabwitsa, kenako anamusunthira fomu yatsopano ndi cholembera.

Anayamba kulemba. Dzina linayenda bwino, tsiku lobadwa linayenda bwino. Atafika pa nambala yake ya mayeso anasemphanitsa manambala awiri. Anayesa kukonza, inki inafalikira, bokosi lonse linada.

"Aaa, zopusa!" anakuwa, kuiwala kuti ali pamaso pa aphunzitsi ndi mayi ake. Anaifinya fomuyo m'dzanja n'kuiponya ku bini ya pakona ndi mphamvu zake zonse. Inagunda khoma, n'kugubuduzika mpaka pa nsapato yanga.

Iye anagwira pakamwa.

"Pepani aphunzitsi. Pepani amayi."

Ndinawerama n'kuitola. Inali yofinyidwa zolimba, yotentha ndi dzanja lake, yonga mapepala mazanamazana amene ndatola pansanjika yachitatu, a ana aja amene mawa lake ndimawapeza pa mpando womwewo. Mtima wanga unakhala pansi koyamba sabata yonseyo.

"Aphunzitsi," ndinatero, "muli nayo ina?"

Anatsegulanso diloo. Pepala lofinyidwalo sindinaliponye m'bini. Ndinaliika m'thumba la yunifolomu yanga, n'kudikira kuti mwana wanga amalize kulemba ndisaine.