Mandasi a MamTolo

Basi yam'mawa yochoka ku Khayelitsha kupita m'tauni ya Cape Town sinakhalepo chete chiyambire, koma tsiku limenelo munkangomveka injini. Sivuyile atangofika pakhomo pa basiyo anadziwiratu kuti anthu ake anyanya. Dalaivala, amene masiku onse ankatsitsa chithabwa chokwerera njinga ya olumala uku akunyoza timu ya mpira ya Sivuyile, lero anachitsitsa mwaulemu ngati pamaliro, n'kumuweramira pang'ono.

Juno, galu wake, anatsogola n'kukagona pambali pa tayala la njinga ya Sivuyile, kajekete kake ka ntchito kakumuthina m'mimba. Pambuyo pawo panakwera Mayi Arendse a kusukulu yophunzitsa agalu othandiza anthu, ndipo anakhala pampando woyang'anana nawo.

Mayi amenewa ndi amene anamusowetsa mtendere Sivuyile. Sabata yatha anamupapasa Juno m'nthiti, nthitizo osazipeza.

"Galu uyu akudya m'manja mwa anthu," anatero. "Galu wopempha maso ake amakhala pa matumba a anthu, osati pa inu. Ndidzakwera nanu basi. Akadzadya kanthu panjira, abwerera kusukulu."

Kubwerera kusukulu! Sivuyile ankadziwa kuti agalu ena akabwerera amapatsidwa kwa eni atsopano. Zala zake sizigwira bwino chichitikireni ngozi. Makiyi akagwa amatola ndi Juno, chitseko amakoka ndi Juno, ngakhale jekete amamuvula ndi Juno. Juno asanabwere, foni ikagwa Sivuyile ankangoiyang'ana pansipo mpaka adutse munthu wachifundo. Moyo umenewo ankauopa kuposa imfa.

Ndiye dzulo lake anawapempha anthu onse a m'basimo, pafupifupi kulira, kuti mawa aliyense ayang'ane zake. Anthuwo anamva, koma anamva mopyola. Mlonda wina amene ankadya buledi m'basimo tsiku lililonse anamubisa m'jasi, n'kukhala tsonga, tsaya lili tu. Anamwino awiri a pampando wakutsogolo ankayang'ana kudenga. Ndipo MamTolo, mayi wogulitsa mandasi kusiteshoni, mwini mlandu weniweni, anakumbatira ndowa yawo n'kupotokolera khosi kuwindo mpaka mitsempha kuoneka.

"Kodi basi ino imakhala chonchi?" anafunsa Mayi Arendse.

"Ndife anthu ofatsa, Mayi," anayankha Sivuyile, thukuta lili kamukamu.

"Ine agalu ndimadana nawo kwabasi," anatero MamTolo mokweza, akuuza windo. "Ngakhale dzina la Junoyu sindilidziwa."

Mchira wa Juno unamenya pansi, phwa, phwa. Sivuyile anatsinzina. Mlonda uja anatsamwa ndi buledi, ndipo mmodzi wa anamwino anamumenya kumsana osachotsa maso kudenga.

Anayenda choncho mpaka mumsewu waukulu, Juno ali phee, mutu uli pa mwendo wa mbuye wake. Sivuyile anayamba kupuma bwino. Mwadzidzidzi minibasi ina inawadula kutsogolo monga zimachitira, dalaivala n'kuponda buleki mwamphamvu. Lamba anamugwira Sivuyile, koma ndowa ya MamTolo inalibe lamba. Chivindikiro uko, mandasi otentha mbwee mukanjira, akugudubuzika molunjika pamphuno pa Juno ngati atumidwa.

"Mayo!" basi yonse inafuula.

Juno anadzuka. Ananunkhiza limodzi mwa mandasiwo, dovu likuchucha. Sivuyile anafuna kumuletsa, koma Mayi Arendse anali atakweza kale chala kuti asalankhule. Galu uja anatsegula kukamwa, analitola.

Mtima wa Sivuyile unangoti phwii. Anaona kale nyumba yake yopanda Juno.

Koma Juno anatembenuka, anaika miyendo yakutsogolo pa chopondera cha njinga, n'kulisiya pamiyendo pa Sivuyile lathunthu, lopanda ngakhale chizindikiro cha dzino. Chagwa pansi ndi chotola, ndiyo ntchito imene anaphunzira. Anabwerera, natola lina. Kenako lina. Ankameza malovu momvetsa chisoni, koma anawatuta onse mpaka thalauza la Sivuyile linadzaza mafuta ndi dovu.

Anthu anali pafupi kuwomba m'manja pamene MamTolo anaimirira, manja m'chiuno, nkhope ili gwaa.

"Iwe Juno! Mandasi anga alakwa chiyani lero? Ndakanda ufa womwe uja, mafuta ndi atsopano! Si iwe umanyambita mpaka zala zanga m'mawa uliwonse? Lero waona alendo ndiye ukundinyoza pagulu?"

"Mamaaa!" anabuula dalaivala kutsogolo.

MamTolo anagwira pakamwa, koma mawu anali atatuluka kale. Anakhala pansi pang'onopang'ono.

Mayi Arendse anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana Sivuyile.

"Ndiye khitchini yake ndi imeneyi?"

"Mayi, chonde," anatero Sivuyile. "Kulakwa ndi kwanga, ndinkachita manyazi kuwakaniza. Ndi munthu wamkulu, amandithandiza kumanga lamba dalaivala akatanganidwa. Musandilande galuyu. Popanda iyeyu ine ndine munthu wodikira anthu."

"Wakulandani ndani?" anatero Mayi Arendse, akulephera kubisa kuseka. "Galu uyu ntchito yake akuidziwa kuposa nonsenu. Wosamvera ndamuona, ndipo alibe mchira. Mama, kuyambira lero inu ndi ndowa yanu mpando wanu ndi wakumbuyo kwenikweni."

"Ine? Kumbuyo kodumpha kuja? Ndi msana wangawu?"

"Mukufuna Juno azikwerabe basi ino?"

MamTolo anayang'ana galu, anayang'ana Sivuyile amene misozi inali itafika kale pachibwano. Anatola ndowa yawo, anakokoloramo mandasi onse a pamiyendo paja, n'kumupukuta thalauza ndi mpango wawo mwaukali.

"Usalire apa iwe, ukundichititsa manyazi," anatero. "Ndikupita ndekha, palibe wandithamangitsa."

Ananyamuka akugwira mipando, akung'ung'udza za agalu osayamika, fungo la mandasi likuwatsatira. Juno anawaperekeza ndi maso mpaka kumbuyo, analirako pang'ono chapansipansi, kenako anagona pambali pa tayala la Sivuyile ndipo sanasunthe.