Thabwa Lomaliza la Namakau

Akapelwa anakhuthula saka, matabwa n'kumwazika pakhonde. Lililonse linali ndi mzere wakuya wodutsa pakati pa chithunzi.

"Ndani wachita izi? Ba Chabota, nikamba na imwe!"

Chabota sanadzuke pampando. Mkazi wake Namakau anali ataikidwa Lachiwiri, ndipo achibale a mkaziyo anali asanabwerere ku Mongu. Akapelwa, mlongo wa malemuyo, anali atapangana kale ndi wamalonda wina wa kumsika wa Mukuni kuti amupatse matabwa amene Namakau ankasemapo zithunzi, azidinda mapepala ambirimbiri n'kumagulitsa kwa alendo odzaona mathithi.

"Anadula yekha," anatero Chabota.

"Boza! Munthu angaononge nchito yake?"

Namakau anayamba ndi njovu ndi mathithi, ankadinda mpaka thabwa kuperepeseka. Zitamutopetsa, anayamba kusema anthu a ku Maramba: amayi ogulitsa kapenta, makondakitala a minibasi, mzibambo wokonza nsapato. Akadinda mapepala ochepa, ankatenga kampeni n'kudula mzere pathabwapo kuti wina asadzadindenso. Ankati nkhope zimenezo n'zobwereka, si zomwaza mumsewu.

"Mlongo wanga munamusunga m'kanyumba konunkha inki," anatero Akapelwa. "Wafa alibe na mbuzi. Manje mufuna kutimana na izi?"

Analowa kuchipinda osapempha. Kunamveka kukokedwa kwa bedi, kenako anatuluka ndi thabwa lokulunga m'chitenje.

"Ehe! Ili ni labwino."

Linali lomwe Namakau ankasema akudwala, atatsamira khoma. Chabota anaimirira n'kuligwira mbali inayo.

"Siyani."

"Ni la banja lathu, mulamu. Imwe ukwati unasila pamanda."

"Siyani."

Anakokerana mpaka chitenje chinagwa. Apo mayi a Namakau, ba Mwangelwa, omwe anakhala pamkeka chiyambire m'mawa, anakweza mutu.

"Akapelwa, mupase. Nifuna kuona chamene mwana wanga anasiya."

Chabota anapaka inki pathabwapo, nayalapo pepala, n'kuyamba kulisisita ndi kumbuyo kwa supuni monga ankachitira mkazi wake. Dzanja lake linali lolemera, losazolowera. Atamatula pepalalo, anagwada n'kulipereka kwa apongozi ake ndi manja awiri.

Pachithunzipo panali ba Mwangelwa omwewo. Anasenza beseni pamutu, akuseka, mpata wa dzino lomwe linaguluka kalekale ukuonekera.

Analiyang'ana nthawi yaitali.

"Sanabise na dzino," anatero.

"Amayi, ichi azungu azagula," anatero Akapelwa. "Tiyeni tiganize bwino."

"Ufuna kunigulitsa pa Mukuni?"

Ba Mwangelwa anatembenukira kwa Chabota.

"Ba Chabota, enze kudula bwanji?"

Chabota anabweretsa kampeni kaja, nawasonyeza poyambira. Ba Mwangelwa anapanikiza thabwalo ndi bondo n'kukankha. Kampeniko kanaterera. Anayambiranso, mzere n'kudutsa pabeseni, pankhope, mpaka kumapeto.

Akapelwa anamenya sakalo ndi phazi n'kutuluka pageti. Sanatsanzike.

Mayiwo anadzuka pang'onopang'ono, atagwira pepalalo pakati.

"M'mphepete," anatero Chabota. "Inki siinaume. Namakau akanakukalipirani."

"Enze kunikalipira kuyambira ali mwana."

Anasuntha zala, napita pachingwe choyanikira zovala n'kulipana pepalalo pafupi ndi madiresi a Namakau ochapidwa kuti agawidwe. Chala chawo chachikulu chinali chakuda bii. Anachiyang'ana, koma sanachipukute.