Yotamu Asesa Mtsinje

Ku Kafue munthu akakuuzani kuti akudikira, musamufunse kuti akudikira chiyani, chifukwa theka la tauni likudikira fakitale. Yotamu Njobvu wa ku Nangongwe anali mmodzi wa odikirawo. Bambo ake anachoka ku Katete kudzagwira ntchito ya njanji, iye anakulira pa makina owomba nsalu, mpaka tsiku limene mabwana anawasonkhanitsa pageti n'kuwauza kuti apite akapume pang'ono. Pang'onopo panamera imvi. Ana obadwa chaka chimenecho ali ndi ana awo tsopano, ndipo banja la Yotamu linkadyera m'beseni la vitumbuwa limene mkazi wake Dainess ankakhala nalo pasiteshoni.

Ndiye kunabwera Pulojekiti. Mayiko anayi anagwirizana kuti udzu uja woyandama pamtsinje, wa maluwa okongola ngati a pa ukwati, umene asodzi amautukwana m'mawa uliwonse, ndi chuma. Kuno timangouti widi, a ku Malawi amati namasupuni. Amauyanika, n'kuupera, n'kusakaniza ndi guluu wa chinangwa, n'kuutsindira m'makina, kenako mumatuluka mathireyi a mazira ndi mbale zimene zimaola zokha padzala, osati mapulasitiki aja otupitsa mimba za mbuzi. Makina oyeserera anachokera ku Zimbabwe, guluu ku Malawi, a ku Mozambiki analonjeza doko. Kafue anapereka zimene anali nazo zambiri: widi ndi malova.

Makina aang'onowo anawaika m'shedi yakale kuseri kwa siteshoni, ndipo woyendetsa wake anali Yotamu. Anamupatsa ovolosi yobiriwira. Kuvala kwake munthu mukanati ndi mwinjiro wa bishopu. Ankachoka ku Nangongwe wapansi, kusiya minibasi dala, kuti aliyense aone kuti munthu akupita kuntchito.

Koma fakitale yeniyeni, yaikulu, ya geti ndi wezulo, inali yoti imangidwe imodzi yokha: kaya pa Kafue, kaya m'mbali mwa Shire ku Malawi. Mkulu wa shediyo, Dokota Yande, mayi wa Chibemba wodziwa za mankhwala, anali atamuuza poyera kuti ikakhala pa Kafue, folomani ndi iye. Ikapita kwina, ndiye kuti basi. Pa msinkhu wa Yotamu panalibe fakitale ina imene ikanamudikira.

Tsiku lina Dokota Yande anabwera akutseka chikwama.

"Ba Njobvu, alendo osankha malo afika pa Chisanu. Ine nayenda ku Lusaka kukawalandira pa ndeke. Mukonze kumtsinje kuja, tikabwera tipeze zili bwino."

"Mukayika ine, ba Dokota? Ndinu a Bemba mumayamba kusesa mlendo atakhala kale pampando."

"Konzani chabe, ba shikulu, agogo inu. Ndipo mbewa zanu zokazinga mubise, alendo angathawe."

"Zibisika mosavuta. Vuto ni kolwe wanu, nyani uja mumadya, mchira umaonekera mupoto."

Onse anaseka, pakuti a Bemba ndi anthu a kwawo kwa Yotamu amanyozana mwachibale, ndipo galimoto inanyamuka. Dokota Yande poti mukonze ankanena tenti, mabenchi, ndi kutchetcha pang'ono poti alendo aimepo nsapato zisalowe m'matope. Sananene zimenezo, poganiza kuti n'zodziwikiratu. Anthu ophunzira amafa ndi zodziwikiratu.

Yotamu anatsikira kumtsinje n'kuuyang'ana ndi maso a mwininyumba amene apongozi ake ali m'njira. Madzi sankaoneka. Kuchokera tsidya lino mpaka tsidya lina kunali widi yekhayekha, ndipo mu widimo munali mabotolo, matewera a ana, patapata wopanda mnzake, ndi galu wotupa amene miyendo yake inaloza kumwamba ngati tebulo logubuduzika. Fungo lake linali loti ntchentche zinkafika ndi ulemu. Yotamu anamva manyazi kuyambira kuphazi. Anthu otsika ndeke, a mataye, adzaime pano?

Madzulo anauza mkazi wake zimene ankafuna kuchita. Dainess anasiya kukanda ufa wa vitumbuwa n'kumuyang'ana.

"Atate ake Blessed, ngati abwera kudzaona udzu, muuchotsa bwanji udzu?"

"Sabwera kudzaona udzu. Udzu tili nawo mushedi, mabelo mpaka kumalata. Abwera kudzaona ngati ndise anthu oyenera kupatsidwa fakitale. Iwe ungasiye makina ako pamalo pali galu wakufa?"

"Chotsani galuyo chabe."

"Iwe dziwa za vitumbuwa."

"Ndiye zimene mukudya," anatero Dainess, n'kubwerera ku ufa wake.

M'mawa Yotamu anapita kwa Lastone, msodzi wa Chitonga amene makolo ake anali pamtsinjewu njanji isanafike. Lastone anali atatha zaka akutema kanjira kodutsa bwato, kamene kankatsekeka asanabwerere n'komwe. Atamva nkhaniyo sanafunse zambiri. Munthu akabwera kudzakupempha kuti umuthandize kupha mdani wako, sufunsa kuti wamulakwira chiyani.

"Ba Njobvu, lero mwakamba monga munthu. Mabwato onse ni anu."

Zimene zinachitika masiku otsatirawo, Kafue sanazionepo chitsekereni mafakitale. Asodzi anabwera ndi zikwanje ndi mitengo italiitali. Amayi a mipingo itatu imene sipatsana moni anabwera ndi maleki, akuimba nyimbo imodzi. Anyamata oitanira maminibasi anasiya siteji. Ngakhale a ku Estates, amene amadutsa Nangongwe atatseka mawindo, anatumiza mawilibala. Ankadula widiyo m'zigawo zazikulu ngati mabwalo a mpira, n'kuzikankhira pakati pomwe madzi amathamanga, ndipo zilumba zobiriwirazo zinkapita pansi pa mlatho chimodzichimodzi, zina zitanyamula akakowa amene sanauzidwe za ulendowo. Yotamu anaima pa bwato la Lastone ndi ovolosi yake, akuloza uku ndi uku, mawu atasasa. Ufolomani anauyamba fakitale isanabwere, ndipo tisamunamize, ankautha.

Pofika pa Chisanu mtsinje unali mbee, ukunyezimira ngati mbale yatsopano. Ana ena a ku Nangongwe anaona koyamba kuti mtsinje wa Kafue uli ndi madzi.

Basi ya alendo inaima. Woyamba kutsika anali Dokota Yande, akulankhula chobwerera m'mbuyo kwa alendowo, dzanja litaloza kumtsinje. Atatembenuka, dzanjalo linakhala m'mwamba lokha.

Pambuyo pake panatsika pulofesa wa ku Malawi, mdala waulemu wa chipewa cha khonde. Anayenda mpaka pamphepete, anayang'ana kumtunda, anayang'ana kumunsi, anavula magalasi n'kuwapukuta. Kenako anatembenukira kwa munthu wa ovolosi amene anaima chilili ngati msilikali.

"Achimwene, pepani. Namasupuni uja ali kuti?"

"Tamuchotsa, bwana," anatero Yotamu, chifuwa patsogolo. "Yense. Anthu a pano si aulesi."

"Mwamuchotsa liti?"

"Mlungu uno chabe. Na manja."

"Mlungu umodzi, ndi manja," pulofesayo anabwereza pang'onopang'ono, mokweza ndithu kuti anzake amve. "Muli ndi mwayi, achimwene. Kwathu ku Shire takhala tikulimbana naye kuyambira ndili mnyamata. Malo ena mvuu imayenda pamwamba pake osanyowa."

Wa ku Zimbabwe anaseka mpaka kugwira bondo. Mayi wa ku Mozambiki sanaseke, anangojambula madziwo ndi foni. Dokota Yande anayesetsa. Anati widi ilipo yambiri kumunsi, akwere basi akaione. Anati imamera msanga, ikangogwa mvula ibwerera. Koma wapampando wa alendowo anayang'ana dzuwa, n'kukumbutsa gulu kuti chakudya chikudikira ku hotela ku Lusaka. Anawonjeza mwaulemu kuti fakitale singadalire chinthu chimene amayi a mpingo angachithetse ndi maleki. Onse anayamikira kukongola kwa mtsinje. Anagwira Yotamu chanza mmodzimmodzi, ndipo iye anawerama kwa aliyense, akumwetulira, chifukwa mpaka pamenepo anali asanamve kuti maliro ndi ake.

Anamva tsiku lotsatira, m'shedi. Dokota Yande anakhala pa belo la widi wouma, nsapato atavula.

"Ninakamba kuti mukonze, ba Njobvu. Tenti. Mabenchi."

"Munakamba kuti nikonze kumtsinje."

"Ee, ninakamba choncho."

"Manje kukonza ni chani?"

Mayiyo anathothola kaudzu pa belolo n'kumakapotokola.

"Adziwa kuti widi ilipo. Zithunzi za mumlengalenga ali nazo, si ana. Koma a Malawi afuna fakitale, ise tifuna fakitale, wa ku Zimbabwe apita kulikonse kumene kuli mphepo. Wa ku Mozambiki anali wathu. Anali kufuna chabe kuona na maso kuti akakambe kwawo. Manje azaonetsa chani? Madzi?"

"Tingaibweze. Lastone ali na mabwato. Yakodwa kumunsi uko, tingaikoke."

"Ba shikulu," anatero Dokota Yande, ndipo ulendo uno mawuwo analibe nthabwala m'kati, "alendo anapita."

Yankho linabwera mvula isanayambe. Fakitale ikamangidwa m'mbali mwa Shire. Kafue, malinga ndi mgwirizano wa mayiko anayi, adzapitiriza kukhala bwenzi lofunika kwambiri, kutanthauza kuti dzina lake lidzakhala pa chikwangwani. Makina oyeserera nawonso anayenera kupita, kuti a kumeneko aphunzirirepo.

Ku Nangongwe anthu amene anaimba naye pamtsinje anayamba kukumbuka kuti iwo anakayikira kuyambira pachiyambi. Amayi a mipingo itatu anagwirizananso kachiwiri, pa mfundo yakuti Yotamu ndi chitsiru. Oitanira maminibasi akamuona ankati, "Ba folomani, ku Zambezi nako kwada, tikusungireni mpando?" Wokondwa anali Lastone yekha, amene anabweretsa nsomba zikuluzikulu zitatungidwa pa luzi, nati chiyambire sanaphepo zotere. Yotamu analandira ndi manja awiri.

Womasula makinawo anali iye yemwe, pakuti ndiye ankadziwa bawuti iliyonse. Lole inaima pakhomo pa shedi, dalaivala akuliza hutala. Dainess anabwera kuchokera pasiteshoni ndi beseni lake pamutu, n'kupeza mwamuna wake atagwada, akupukuta chitsulo chilichonse ndi kansanza, kuchotsa guluu wouma m'makona ndi msomali, kupaka girisi, n'kukulunga bwinobwino.

"Dalaivala akudikira, atate ake Blessed."

"Adikire. Siningatumize makina akuda kwa eni ake. Angakatinene kuti a ku Kafue sasamala zinthu."

Dainess anatula beseni pansi, n'kukhala pa mwala pafupi ndi chitseko.

"Sazatinena," anatero. "Sazatitchula n'komwe."

Hutala inaliranso. Yotamu anatembenuza chitsulocho n'kuyamba kupukuta mbali inayo.